Anathamanga ndi Dzina la Mng'ono Wake

Pakhomo pa a Efraimu, ku Chiuta, panalibe chuma choti munthu n'kuchitira kaduka, koma panali mtendere ndi dongosolo. Tsiku linkayamba ndi pemphero, ndipo chilichonse chinali ndi malo ake. A Efraimu anali mkulu wa mpingo ndiponso mlimi wa chinangwa, ndipo nyengo ya nsomba ankanyamula milamba youma panjinga kupita nayo kumsika wa ku Insaca. Akazi awo, a Rita, ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa ndi phazi. Ana anali awiri okha, onse aakazi: Zodiwa ndi mng'ono wake Alzira.

Chimene a Efraimu ankachisamala kuposa njinga yawo chinali chitini cha mabisiketi chimene anachilendeweretsa kudenga ndi waya kuopa chiswe. M'menemo munali masedula a banja lonse, timabuku tija ta boma tolembedwa dzina la munthu, makolo ake ndi tsiku lobadwa. Iwo anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo atabwerera kwawo anakhala zaka zisanu opanda pepala lililonse losonyeza kuti ndi ndani. Sankakonda kukamba za masiku amenewo. Ankangoti, “Chitini ichi sachikhudza mwana.”

Alzira anali wa mabuku, wofatsa, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankanena kuti adzakhala namwino. Zodiwa anayamba sukulu mochedwa chifukwa chodwaladwala, kenako anabwereza makalasi awiri. Motero ali ndi zaka 19 ankakhala pa benchi imodzi ndi Alzira wa zaka 15. Mphunzitsi akafunsa funso, wamng'ono ndiye ankakweza dzanja, wamkulu n'kumayang'ana pazenera. Anzake ankamutcha agogo a kalasi. Koma pothamanga panalibe womugwira. A Efraimu akaiwala pampu ya njinga, Zodiwa ankawathamangira n'kukawapeza atadutsa kale midzi iwiri, iye osachita ndi befu lomwe.

Chaka chimenecho pasukulu panafika mphunzitsi watsopano wa masewera, a Tobiasi, bambo wa nsapato zoyera ndi wenzulo m'khosi. Tsiku limene anathamangitsa atsikana kuzungulira bwalo, anayang'ana nthawi pafoni yawo, n'kuyang'ana Zodiwa, n'kuyang'ananso pafoni.

“Iwe, miyendo imeneyi unaigula kuti? Nanenso ndikagule yanga.”

Zodiwa anaseka atabisa nkhope.

“Uli ndi zaka zingati?”

“19, aphunzitsi.”

“Aaa! Masewera a ana asukulu amathera pa 16. Wakalamba, mwana.” Kenako anatsitsa mawu. “Koma wa mabuku uja si mng'ono wako? Mphuno zanu n'zimodzi.”

Loweruka a Tobiasi anafika pakhomo. Anapeza a Efraimu akumata tayala la njinga pansi pa mtengo wa mango.

“Ababa, nkhani yake ndi yaing'ono. Tingobwereka dzina la wamng'onoyo kuti wamkulu athamangire. Kwina konseku akuchita zomwezo. Kuli azimayi a ana awiri akuthamanga ngati a zaka 15.”

“Aphunzitsi, khasu ndikhoza kukubwerekani. Njinga iyi ndikhoza kukubwerekani. Dzina la mwana silituluka pakhomo pano.”

“Mukumutsekera mwayi mwana wanu.”

“Mwayi woyamba ndi bodza ndi msampha. Yendani bwino.”

Zodiwa anamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe. Amayi ake anamupeza akulira.

“Usakwiye, mwana wanga. Mulungu amene anakupatsa miyendo sanaiwale zaka zako. Adzakutsegulira khomo lako.”

“Inu simudziwa kukhala chitsiru m'kalasi tsiku lililonse,” anayankha Zodiwa. “Chinthu chimodzi chokha chimene ndimatha, nachonso mwandiletsa.”

Lolemba a Tobiasi anamuitanira pambali.

“Abambo ako ndi a kale. Iwe ukufuna kufera m'munda wa chinangwa? Bweretsa sedula ya mng'ono wako tsiku limodzi lokha. Madzulo ikhala itabwerera pamalo pake. Wataya chiyani iyeyo? Kodi amathamanga?”

Lamulungu lotsatira Zodiwa anati mutu ukumupweteka, ndipo anatsala pakhomo ena onse atapita kutchalitchi. Anakwera pampando wa makina osokera n'kutsitsa chitini.

M'mawa mwake a Tobiasi anamukweza panjinga yamoto mpaka ku Insaca, ku ofesi yoperekera bilyete, chitupa chija chokhala ndi chithunzi cha munthu ndi zidindo za zala zake.

“Dzina?” anafunsa wa pa ofesi.

Zodiwa anatembenukira kwa aphunzitsi. A Tobiasi anamugunda ndi chigongono.

“Alzira Efraimu.”

Anamujambula chithunzi. Anaika zala zake pa kagalasi ka makina, chimodzichimodzi mpaka zonse khumi. Madzulo sedula inali itabwerera m'chitini, ndipo palibe amene anadziwa kanthu.

Kwa abambo ake Zodiwa ananena kuti ku Lichinga kuli mpikisano wina wa akuluakulu, wosafunsa zaka. A Efraimu anamuika dzanja pamutu n'kumupempherera ulendo wabwino.

Patapita masiku anayi, masana, wailesi ya pakhonde inalengeza mokuwa: “Pa mamita 1500, wapambana ndi Alzira Efraimu wa ku Mecanhelas! Ena onse wawasiya kutali!”

Alzira anali pomwepo, akusenda chinangwa. Mpeni unaima m'dzanja lake. Anthu oyandikana nawo anathamangira pakhomopo akululuta, ndipo mayi wina anati, “Iwe Alzira, wathamanga nthawi yanji poti tsiku lonse takuona pano? Kapena uli ndi ndege ya usiku?” Onse anaseka. A Efraimu anatseka wailesi n'kulowa m'nyumba.

Zodiwa anabwerera ali pamwamba pa lole, mendulo ikulendewera m'khosi. Ku Insaca azimayi anayala makapulana, nsalu zawo zovala, mumsewu. Ku Chiuta ana asukulu anamuimbira nyimbo, ndipo m'nyimbomo munali dzina la Alzira. Ife tonse tinkadziwa amene anathamanga ndi amene anatsala. Tinaomba m'manja mofanana. Boma lathu linali lisanatchulidwepo pa wailesi chifukwa cha chinthu chabwino chotere, ndipo palibe amene ankafuna kukhala woyamba kufunsa.

A Efraimu okha anaima pakhomo la nyumba yawo.

“Chitsulo chimenecho sichilowa muno. Chaperekedwa kwa mwana amene sanathamange.”

“Ababa, ndi pa mndandanda pokha pamene analemba dzina lake. Sedula sindinaikhudze. Kaoneni m'chitini.”

Anakaona. Timabuku tonse tinayi tinalimo.

“Ngakhale zili choncho, pita ukanene zoona. Ukabweze chimene wapatsidwa. Manyazi a lero ndi aang'ono, Zodiwa. Ukawasunga adzakula.”

“Anthu onse akundinyadira. Inu nokha ndiye mukufuna ndigwade!”

Alzira, amene ankakonda mkulu wake, anagwira dzanja la abambo ake. “Ababa, asiyeni achemwali. Dzina silinathe, ndikadali nalo.”

Mwezi usanathe, kalabu ina ya ku Lichinga inamutenga Zodiwa, n'kumupatsa malo ogona ndi chakudya. A Tobiasi anasiya sukulu n'kupita naye ngati womuphunzitsa. Tsiku lonyamuka amayi ake anamuperekeza mpaka pokwerera shapa, minibasi yonyamula anthu.

“Kumeneko akakuitana kuti chiyani?”

Zodiwa anakweza chikwama chake m'shapa.

“Ine ndinabereka Zodiwa,” anatero a Rita. “Ndikamapemphera ndizitchula ndani?”

Kwa zaka zitatu Zodiwa anayankha dzina la mng'ono wake. Anapambana ku Lichinga, anapambana ku Nampula. Chithunzi chake chinapachikidwa m'nyumba zometera tsitsi ku Insaca, ndipo atsikana ang'onoang'ono ankathamanga opanda nsapato m'misewu ya Chiuta akukuwa kuti, “Ine ndine Alzira!” Zodiwa anatumiza nsapato za chikopa kwa abambo ake. A Efraimu anazibweza pa shapa yomweyo.

Alzira weniweni anafika chaka chomaliza cha sekondale ku Insaca, ali woyamba m'kalasi. Kuti alembetse mayeso omaliza ankafunika bilyete. Anatenga sedula yake kwa abambo ake n'kupita ku ofesi, atavala bulauzi yoyera kuti chithunzi chikaoneke bwino.

Mayi wa pa ofesi, dona Mastura, analemba dzinalo m'makina. Anakwinya nkhope.

“Mwana iwe, bilyete unatenga kale zaka zitatu zapitazo.”

“Ayi, amayi. Aka ndi koyamba.”

Dona Mastura anatembenuza makina kuti Alzira aone. Pagalasi panali nkhope ya Zodiwa, ndipo pansi pake dzina la Alzira, tsiku lake lobadwa, maina a makolo ake.

“Awo ndi achemwali anga.”

“Makina akuti Alzira Efraimu ndi ameneyu. Nanga iwe ndiwe ndani?”

“Ndine Alzira.”

“Ika chala apa.” Makina analira. “Ukuona? Akukukana. Dzina limodzi, munthu mmodzi, zala khumi. Mwini nkhope iyi abwere yekha adzanene zoona, mwina sukulu ingakulembe ndi kalata yathu. Apo ayi, palibe chimene ndingachite. Ndipo ndiyenera kudziwitsa akuluakulu anga, chifukwa uwu ndi mlandu.”

Tsiku lomwelo Alzira anaimba foni, abambo ake ataima pambali pake.

“Achemwali, bwerani. Kulembetsa mayeso akutseka Lachisanu la sabata yamawa.”

Zodiwa anayankha motsitsa mawu.

“Mng'ono wanga, kwatsala masabata atatu kuti tichite mpikisano waukulu. Opambana apita kunja kwa dziko. Dikira pang'ono, ndikonza zonse.”

“Masabata atatu? Ine ndati Lachisanu.”

“Taima, ndifunse aphunzitsi.”

Mawu a a Tobiasi anamveka chapatali, akuseka. “Zosavuta zimenezo! Atenge sedula yako, akhale Zodiwa. Mwasinthana basi, ngati kapulana.”

“Wamva?” anatero Zodiwa. “Tenga yanga. Ili m'chitini momwemo.”

“Achemwali, Zodiwa analekezera kalasi ya chisanu ndi chinayi. Zonse zimene ndakhoza zaka khumi ndi ziwiri zalembedwa pa dzina la Alzira. Ndikakhala inu, ndikalemba mayeso a chiyani?”

A Efraimu analanda foni.

“Unandiuza kuti sedula sunaikhudze.”

“Ababa…”

“Sindikukufunsa zimenezo lero. Kwera galimoto ubwere.”

“Akandimanga, ababa.”

“Bwera. Ndikaima pambali pako.”

Foni inaduka. Anaimbanso, inali yotseka. Alzira anapita kukadikira pokwerera shapa Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, akuyang'ana aliyense wotsika. Lachisanu dzuwa litapendeka, mlembi wa sukulu anatseka kaundula wa mayeso.

Tsiku la mpikisano waukulu, Zodiwa anaima pamzere woyambira pamodzi ndi atsikana ena khumi ndi mmodzi. Bwalo linadzaza. Wenzulo asanalire, bambo wina wa jekete anadutsa pakati pa bwalo atanyamula pepala, wapolisi ali pambuyo pake.

“Alzira Efraimu ndi uti?”

Zodiwa anakweza dzanja.

“Tuluka pamzere.”

Mu ofesi anamuika pamaso pa akuluakulu a masewera. A Tobiasi anaitanidwanso.

“Ine ndinangolandira mapepala,” anatero atatambasula manja. “Mwana uyu anandinamiza ngati mmene wanamizira inu. Ndikanadziwa bwanji? Kodi ndinamubereka ndine?”

Zodiwa anawayang'ana, iwo n'kumayang'ana kudenga. Mawa lake chipinda chawo chinali chopanda kanthu, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene analowera.

Mamendulo onse anamulanda. Anamuletsa kuthamanga mpikisano uliwonse. Anagona m'chitokosi masiku asanu ndi anayi, ndipo bwalo la milandu linamulamula kusesa mabwalo a boma kwa miyezi isanu ndi umodzi m'malo mwa ndende. Wailesi inalengeza nkhaniyo katatu tsiku limodzi, koma dzina limene inatchula linali limene anthu ankalidziwa: “Alzira Efraimu, wothamanga wachinyengo wa ku Mecanhelas.” Alzira anazimva ali pamsika wa ku Insaca akugula sopo. Wogulitsayo, amene ankamudziwa dzina, anabisa kabokosi ka ndalama pansi pa tebulo n'kuseka. Anthu omwe aja amene anayala makapulana anang'amba zithunzi m'makoma, ndipo aliyense ankanena kuti iye anakayikira kuyambira pachiyambi.

Atamaliza chilango, Zodiwa anabwerera ku Chiuta. Anatsika shapa asanafike pamudzi n'kudutsa m'minda ya chinangwa kuti asakumane ndi anthu. Abambo ake anamuona akutulukira kuseri kwa nkhokwe, atawonda, chikwama chimodzi m'manja. Sanamukalipire. Anamutungira madzi akumwa n'kumuyalira mphasa. Amayi ake analira atamukumbatira. Alzira sanatuluke m'nyumba.

Lamulungu Zodiwa anaimirira kutsogolo kwa mpingo. Ananena zonse: za mutu umene sunkapweteka, za chitini, za zala khumi, za foni imene anatseka. Anagwada pa simenti. Abusa anawerenga mawu akuti ngati tivomereza machimo athu, Mulungu ali wokhulupirika kutikhululukira. Mpingo unaimba, azimayi anamudzutsa n'kumupukuta misozi ndi nsonga za makapulana awo. Zodiwa anatuluka m'tchalitchi akumva kupepuka, ngati watula mtolo wa nkhuni.

Alzira ankamudikira panja, pafupi ndi belu.

“Mpingo wakukhululukirani, achemwali.”

“Inde, mng'ono wanga.”

“Nanga ine mayeso ndilemba liti?”

Lolemba Zodiwa anabwereka njinga ya abambo ake n'kupita ku Insaca. Anaima pamaso pa dona Mastura n'kunena kuti, “Ndine Zodiwa Efraimu. Ndabwera kudzabweza dzina.”

Dona Mastura anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanali mayi woipa.

“Ukanabwera nthawi ija, bwenzi zili zina. Tsopano nkhani inadutsa kubwalo la milandu. Chigamulo chiyenera kupita ku Lichinga, kuchoka uko chipite ku Maputo, akafufute zala zako pa dzina la mnzako, kenako yankho libwerere njira yomweyo.”

“Zitenga masiku angati?”

“Kunama unatenga m'mawa umodzi. Kufufuta sindikudziwa. Bwera Lolemba.”

Anabwera Lolemba. Anabweranso Lolemba lina. Njinga ikakhala pa ulendo wa nsomba, ankanyamuka wapansi tambala atangolira kachiwiri. Ankakhala pa benchi ya panja pa ofesi mpaka dona Mastura atasuzumira pazenera n'kupukusa mutu. Ogulitsa mtedza pamenepo anamuzolowera. Anyamata a njinga zamoto ankamukuwira akamadutsa: “Achemwali, lero ndinu ndani? Zodiwa kapena Alzira?” Iye ankangoweramitsa mutu.

Kunyumba anatenga ntchito zonse za mng'ono wake. Ankatunga madzi, kulima mizere ya anthu awiri, kuviika chinangwa ndi kuchisinja. Nsapato zake zothamangira, zofiira, ankavala popita kumunda mpaka zinang'ambika.

“Iwe uziwerenga basi,” ankatero. “Chaka chamawa ulemba.”

Alzira ankawerenga. Ankakhala pansi pa mango ndi makope ake akale, kubwereza zomwe ankazidziwa kale. Anzake a m'kalasi analandira zotsatira, ena anapita kukaphunzira uphunzitsi, ena unamwino. Iye anawaperekeza pokwerera shapa n'kubwerera pansi pa mango.

Nthawi yolembetsa mayeso inafikanso, yankho lisanabwere. A Efraimu anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita kukapempha kwa mkulu wa sukulu. Mkuluyo anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anawauza kuti mwanayo ankamukumbukira, anali mutu weniweni. Koma dzina limene lili pa mlandu sakanatha kulilemba.

Chaka chachiwiri mapepala anabwerera kuchokera ku Lichinga chifukwa panasowa chidindo chimodzi. Anayambanso ulendo. Zodiwa anapempha kuti awanyamule yekha, akawapereke ndi manja ake. Dona Mastura anamwetulira mwachisoni.

“Ndikudziwa kuti uli ndi liwiro, mwana wanga. Koma mapepala ali ndi miyendo yawo.”

Chaka chachitatu a Rita anapeza Alzira akung'amba masamba a kope lake la sayansi, akukulungira zitumbuwa zokagulitsa kumsika.

“Iwe! Ukuchita chiyani?”

“Mapepala asowa, amayi. Awa angokhala.”

Mwezi womwewo kunabwera anthu ochokera ku Amaramba kudzafunsira mbeta. Mnyamatayo anali Benedito, msodzi wa ngalawa yakeyake, wopemphera, wosamwa mowa. Alzira anavomera. Zodiwa anamutsatira kuchitsime.

“Usachite zimenezi. Dikira chaka chimodzi chokha.”

“Ndili ndi zaka 21, achemwali. Pamudzi pano ndine chiyani? Mwana wasukulu ayi, mayi ayi. Ku boma kulibe. Benedito sanandifunse bilyete.”

“Ndikupempha. Ndigwada pano.”

“Musagwade, pali matope. Nditwikeni ndowa.”

Zodiwa anamutwika.

Pa ukwati a Efraimu anapempherera mkwati ndi mkwatibwi ndi mawu omveka bwino. Atakhala pansi, anthu amene anali pafupi anaona kuti akulira.

Zodiwa sanasiye ulendo wa Lolemba. Amayi ake anamuuza kuti apume, popeza mwini dzinalo anali atapita. Iye ankangomanga mpango n'kunyamuka.

Zinali zitatha zaka zinayi pamene dona Mastura, m'malo mopukusa mutu pazenera, anatuluka panja atagwira envelopu.

“Zodiwa. Dzina lamasuka. Kamuuze mwini wake abwere adzajambulidwe.”

Zodiwa anaika envelopu m'kati mwa bulauzi n'kupalasa njinga kulowera ku Amaramba osaima paliponse. Anafika masana, fumbi lili thupi lonse. Anapeza Alzira kuseri kwa nyumba ya udzu, akutembenuza nsomba pa thandala, mwana wa miyezi isanu ali kumbuyo.

“Mng'ono wanga! Labwera! Dzina lako labwera!”

Alzira anapukuta mamba a nsomba pa kapulana n'kulandira pepalalo. Analiwerenga pang'onopang'ono mpaka pansi, kenako analipinda bwinobwino.

“Zikomo, achemwali. Nsomba izi zikauma ndipita. Mwanayu nayenso alembetsedwe.”

“Nanga mayeso? Ndafunsa kale, ukhoza kulemba ngati wochokera kunyumba. Mwana ndisunga ine. Nsomba ndiyanika ine. Alamu ndilankhula nawo ndekha. Makope ndikakupemphera kwa…”

“Achemwali.”

Alzira anamudula mawu n'kupitiriza.

“Sabata yatha mwanayu anatentha thupi, ndinapita naye kuchipatala. Mukudziwa amene anamubaya jakisoni? Rashida. Uja ankakhala kumbuyo kwanga, ankakopera masamu m'kope langa. Wavala zoyera, zamukhala bwino. Sanandizindikire. Atandipatsa mankhwala anandifunsa kuti, ‘Mayi, mumatha kuwerenga, kapena ndikujambulireni dzuwa ndi mwezi?’”

“Unayankha chiyani?”

“Ndinati jambulani.”

Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Alzira anamugwedeza mpaka anatonthola.

“Nditabwera kunyumba ndinatsegula buku limodzi limene linatsala. Ndinawerenga tsamba lomwelo katatu. Palibe chinalowa. Mutu uja unapita, achemwali. Ndinaudikiritsa mpaka unatopa.”

Zodiwa anakhala pansi pamchenga. “Ndiuze chochita. Chilichonse. Ndichite chiyani kuti zithe?”

“Palibe.”

“Ndiye sunandikhululukire.”

“Ndinakukhululukirani, ndipo sindikunama. Ndinakuonani Lolemba lililonse. Palibe wina akanayenda ulendo umenewo. Muzibwera kuno, mwanayu adziwe amayi ake aakulu. Koma musamabwere ndi nkhope yofunsa ngati zatha, chifukwa ndilibe yankho limene mukufuna.” Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inkasonkhana cha kumapiri. “Dzukani, gwirani uko. Mvula ikubwera.”

Zodiwa anadzuka. Anagwira mbali imodzi ya mphasa ya nsomba, mng'ono wake mbali ina, n'kuinyamulira m'nyumba.

Zodiwa akadali ku Chiuta. Amalima, amaimba mu kwaya, ndipo anthu ambiri anasiya kumuseka. Atsikana akamufunsa kuti awaphunzitse kuthamanga, amayamba wawafunsa zaka zawo, n'kuwatuma kukatenga sedula kuti aone ndi maso ake. Ena amati analapa mokwanira. Ndi zoona kuti analapa. Mulungu anamukhululukira, mpingo unamulandira, mng'ono wake amamutsegulira khomo. Mamendulo anabweza, dzina anabweza. Koma namwino amene akanatuluka pakhomo pa a Efraimu kulibe, ndipo palibe Lolemba limene lingamubweretse.

Iwe wachinyamata amene ukuwerenga izi, wina adzakuuza kuti chinyengo chako ndi chaching'ono, kuti onse akuchita, kuti palibe amene ataye kanthu. Usamumvere. Bodza lililonse lili ndi munthu amene limamulemera, ndipo kawirikawiri si wonamayo ayi, koma munthu wosalakwa amene amamukonda. Ukachimwa, lapa msanga, tsiku limene akuitana, usanatseke foni. Kulapa kochedwa kudzapulumutsa moyo wako, koma sikudzabwezera mnzako zaka zimene unamudyera.